Besi yosema pamanja ikugunda m'malire a Mchinji

Usanamuone woyimbayo, umayamba wamumva m'chifuwa.

Ndi tsiku la msika pa Kamwendo, m'mbali mwa msewu wa M12 wochoka ku Lilongwe kupita kumalire a Zambia. Fumbi la mwezi wa Julayi lakuta masikelo a mavenda ogula soya ndi mtedza, milu ya kaunjika ndi njinga za kabaza zomwe zandanda pasiteji. Kuseri kwa okazinga tchipisi kukuchokera kugunda kwakuya, kosafulumira, kokhala ngati mtondo ukusinjidwa kutsidya kwa dambo.

Ndinatsatira kugundako.

Anyamata atatu akhala pamthunzi wa khonde la golosale. Wina ali ndi banjo ya chigubu cha mafuta, wina akumenya ng'oma yopondera ndi phazi. Koma maso a anthu onse ali pa wachitatu, yemwe wakhalira chida chachitali kuposa iye mwini. Kumunsi kwake kuli chibokosi chokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, ubweya udakalipo m'mphepete. Kuchoka pamenepo, mtengo wowongoka wa bulugama watambalala kutsogolo, ndipo pamwamba pake pakungika nsambo imodzi yokha.

Dzanja lamanja likumenya nsamboyo ndi kamtengo. Lamanzere lagwira botolo lopanda kanthu, n'kumaliyendetsa uku ndi uku, mawu n'kumakwera ndi kutsika.

Iyi ndi babatoni.

Chomwe chinandiimitsa ndi kawaya kofiira komwe kakutuluka pansi pa chikopa. Kakukwawa m'fumbi, kalowa m'kabokosi ka ampulifaya kochotsedwa m'wailesi yakale, kenako m'sipika yomangidwa ndi mphira. Pambali pali batire ya sola, ija imawalitsa mababu awiri kunyumba usiku. Babatoni ya agogo athu yalowa magetsi.

Mayi wina wabereka mwana, dengu la tomato lili pamutu, koma mapewa ayamba kale kugwedezeka. M'gulumo wina wakuwa kuti besi ikwere. Mnyamatayo wapotoza kabatani, ndipo malata a golosale ayamba kunjenjemera.

Nyimbo itatha ndinamupatsa moni mwini chidacho, mlimi wa mtedza wa kumudzi wina wa kufupi ndi msikawu. Palibe mbali ya besi yakeyo yomwe sakudziwa kumene inachokera. Chikopa anachigula kwa opha ng'ombe. Nsambo ndi waya wosolola m'mphepete mwa tayala lakutha la galimoto. Chokungira nsambo ndi bawuti yomwe anaiwotcherera kachitsulo kwa owotcherera mageti. Kutalika kwa mtengowo anakuyeza ndi mkono wake, atakhala pansi mmene amakhalira poyimba, kuti botolo lizifika kumathero popanda kuwerama.

Munthu wina wamfupi atakhalapo, ingamuvute.

Ndi yake, ngati mpini wa khasu lake.

Chida chimenechi, chomwe ambiri tinkachidutsa pamsika osacheuka, lero chikukwera ndege. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anayimba m'misewu ya Lilongwe kwa zaka zoposa khumi asanaitanidwe ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017. Kuchoka apo njira inatseguka. Kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa chimbale chawo cha Wasalala mu 2019 ndi cha Musakayike mu 2022, ndipo awiriwa ayimbapo pa zisangalalo zikuluzikulu monga Roskilde ku Denmark ndi WOMAD. Maligwa amayimba atakhalira babatoni yake ya nsambo imodzi.

Ku Nkhata Bay kuli Gasper Nali. Babatoni yake ndi yotalika pafupifupi mamita atatu, ndipo naye amaiyimba ndi kamtengo ndi botolo. Kanema wake akuyimba m'mphepete mwa nyanja anaonedwa ndi anthu mamiliyoni pa intaneti, ndipo kenako naye anakayimba ku Ulaya. Ku Ndirande, gulu la Kasambwe Brothers lasunga kayimbidwe komweka kuchokera m'zaka za m'ma 1980.

Achinyamata a ku Mchinji amawaonera anthu amenewa pa foni. Aona kuti papulatifomu yayikulu babatoni imalumikizidwa ku zokuzira mawu ngati gitala lina lililonse. Ndiye n'chifukwa chiyani yawo isalumikizidwe?

Muzu wa chidachi ndi wakuya. M'zaka za m'ma 1950, anyamata a m'makomboni a Johannesburg ankayimba kwela ndi tizitoliro ta chitsulo, besi yawo ili bokosi lonyamulira masamba a tiyi, ndodo ndi chingwe. Amalawi omwe ankapita ku migodi pa Wenela, ndi ena omwe ankagwira ntchito ku Salisbury ndi Bulawayo, anabwera nazo nyimbozi m'makutu ndi m'malekodi. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano ku Chileka akuyimba m'misewu ya Blantyre, ndipo m'gulu lawo munali besi ya bokosi ya nsambo imodzi. Pofika 1972 abale awiriwa anali atakayimba ku Germany.

Koma Mchinji ili ndi khutu lina, loloza kumadzulo.

Kuchoka pa boma, pomwe kale pankatchedwa Fort Manning, kukafika ku Chipata sipakwana makilomita 40. Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni ndi amodzi ndi a kwa Mpezeni, ndipo maliro ndi maukwati sadziwa malire. Wailesi ya Breeze FM ya ku Chipata imamveka m'midzi yambiri ya kuno, pambali pa Mudzi Wathu ya pa boma. Nyimbo za kalindula, zomwe zinaphuka kwambiri ku Zambia m'zaka za m'ma 1980, zinalowa m'boma lino ngati mvula yochokera kumapiri.

Ndipo kalindula ndi nyimbo ya besi. Inabadwira kumidzi, makamaka ku Luapula, komwe anyamata ankasema mabanjo ndi chibesi chachikulu cha chikopa. Boma la Kenneth Kaunda litalamula m'zaka za m'ma 1970 kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'dzikomo, magulu monga Amayenge, Shalawambe ndi Serenje Kalindula, komanso oyimba ngati PK Chishala, anatenga kugunda kwa kumudziko n'kukuika pa magitala a magetsi. Mukamvetsera bwino nyimbo zimenezi, besi siyenda kumbuyo. Imathamanga kutsogolo, ikuyankhula, magitala ena n'kumaitsatira.

Mwana wokulira pa Mkanda kapena pa Kapiri amakula akudziwa kuti nyimbo yopanda besi ndi ndiwo zopanda mchere.

Ena amaona babatoni ngati besi ya amphawi, chinthu chomwe munthu amagwira podikira kuti adzapeze yeniyeni ya m'sitolo. Ine sindigwirizana nawo, ndipo mbiri ya besi ya m'sitoloyo ili kumbali yanga.

Besi ya magetsi yomwe timaidziwa ndi yaing'ono pa zaka. Leo Fender wa ku California, yemwe anayamba ngati wokonza mawailesi, anatulutsa Precision Bass mu 1951 ndi Jazz Bass mu 1960. Sipanapite nthawi, akatswiri anayamba kuona kuti ya ku fakitale siwakwanira. Jaco Pastorius anazula tizitsulo ta pakhosi la besi yake kuti mawu azitsetsereka osadumpha, monga momwe botolo limachitira pa babatoni. Anthony Jackson anapita kwa mmisiri Carl Thompson ku New York m'zaka za m'ma 1970 kuti amupangire ya nsambo zisanu ndi imodzi, chinthu chomwe masitolo analibe. Stanley Clarke anadziwika ndi besi za Alembic, zopangidwa imodziimodzi pamanja. Lero ku Brooklyn kuli amisiri a Fodera, omwe amapangira Victor Wooten, ndipo besi zawo zina zimapitirira madola 10,000.

Munthu amalipira ndalama zonsezo pofuna chiyani? Pofuna kuti mmisiri amuyeze dzanja, amufunse mtengo womwe akufuna, amve kayimbidwe kake, kenako amusemere chida chomwe palibe wina ali nacho.

Mnyamata wa pa Kamwendo ali nacho kale chimenecho.

Komabe si onse akufuna nsambo imodzi. M'matchalitchi a ku Mchinji, kuyambira pa boma mpaka ku Waliranji, makwaya ndi magulu a chitamando akufuna besi ya nsambo zinayi, yopachika paphewa. Zambiri zomwe zilipo ndi zogwiritsidwapo kale ntchito, zogula ku Lilongwe kapena ku Chipata, zina zobwera ndi abale a ku Joni, zina mphatso za alendo. Ndipo m'zipinda zosungira katundu m'matchalitchi ambiri muli besi imodzi yoimikidwa pakona, khosi litapindika ngati uta, nsambo imodzi itaduka, fumbi lili mbuu.

Imodzi mwa zoterezi ndinaipeza pa benchi ya kalipentala wina pa boma, pakati pa mafelemu a zitseko ndi miyendo ya mabedi. Bamboyu ndi wachikulire, pensulo ili kukhutu. Anyamata a kwaya anamubweretsera kuti aone ngati angaipatse moyo. Thupi lake linali la timatabwa tomatamata ndipo linafufuma ndi chinyezi. Iye anachotsamo zonse zachitsulo ndi zamagetsi, n'kuziika m'mbale, ndipo anayamba kusema thupi latsopano.

Thupi si vuto, anandiuza. Aliyense wodziwa sowo, tchizulo ndi sandipepa angalitulutse.

Nkhondo ili pakhosi.

Nsambo zinayi za besi zikakungidwa bwino zimakoka ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa thumba limodzi ndi theka la chimanga, usana ndi usiku, chaka chonse. Thabwa lopyapyala ngati dzanja la mwana liyenera kupirira zimenezo. N'chifukwa chake mkati mwa khosi mumadutsa kachitsulo kakatali komwe amakamanga kapena kukamasula ndi sipanala yaing'ono. M'dzinja thabwa limamwa chinyezi, m'chilimwe cha Okutobala limauma n'kukhwinyata, ndipo khosi limayenda. Besi zambiri zomwe zaikidwa pakona m'matchalitchi sizinafe. Zikungofuna munthu wodziwa kupotoza kachitsulo kameneko pang'ono, n'kudikira.

Kenako pali masamu. Pa besi wamba, nsambo imalira pa mtunda wa mainchesi 34, omwe ndi masentimita 86.4. Kachitsulo kopingasa ka nambala 12, komwe oyimba amati fuleti, kayenera kukhala pakati penipeni, pa masentimita 43.2. Koyamba kamakhala pa masentimita pafupifupi 4.8 kuchoka kumutu, ndipo mipata imanka ichepa motsatira lamulo lake. Ukaphonya ndi kachidutswa kochepa ngati njere ya mawere, kwaya yonse imva kuti besi ikunama.

Bamboyu sanawerengere zonsezi papepala. Anagoneka khosi lakale pa katoni, n'kudinda malo a fuleti iliyonse ndi nsonga ya msomali. Katoniyo waipachika pakhoma, pamodzi ndi zoyezera zake za mipando.

Za mitengo ndiye sasowa chonena. Mbawa ndi wa m'banja lomwelo la mitengo yomwe mafakitale a magitala kunja amagula ku Africa kuno n'kumaitcha African mahogany. Mlombwa, womwe anzathu a ku Zambia amati mukwa, ndi wokongola ndipo sumapindika wamba ukauma. Malaina ndi wopepuka, woyenera thupi lomwe munthu alinyamule paphewa maola atatu a mapemphero. Koma mbawa ndi mlombwa wakupsa akusowa. Nkhalango ya Mchinji ndi mitengo ya m'mbali mwa Bua zadyedwa ndi makala, zigafa za fodya ndi macheka. Iye thabwa labwino amalipeza m'zitseko zakale ndi m'mabedi othyoka, ndipo akuti limenelo ndiye labwino koposa, chifukwa linauma kalekale ndipo linamaliza kuyenda.

Besi ya kwayayo thupi lake likuchokera ku chitseko cha nyumba yomwe inagwa ndi mvula.

Pali zinthu ziwiri zomwe kalipentala sangaseme. Choyamba ndi pickup, kabokosi kakuda kokhala pansi pa nsambo. Mkati mwake muli maginito ozunguliridwa kambirimbiri ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginitowo, mu wayamo mumabadwa timagetsi tochepa, ndipo ampulifaya imatikuza. A babatoni apeza njira yachidule. Amamata pachikopa kapena pathabwa kachitsulo kozungulira ngati ndalama, kofanana ndi komwe kamalira m'mawotchi ndi m'zidole, ndipo kamamva kunjenjemera kwa chidacho mwachindunji. Ena amangolowetsa maikolofoni m'bokosi n'kuitchinga ndi nsanza.

Chachiwiri ndi nsambo.

Apa ndi pomwe oyimba onse amadandaula mofanana. Nsambo za besi zonse zimachokera kunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chodutsa pa chipata cha m'malire cha Mwami chinakwera mtengo. Chipata chatsopano cha pamenepo chinatsegulidwa ndi Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema mu Disembala 2022 kuti katundu azidutsa msanga, koma woyimba wa m'kwaya ya kumudzi akafuna nsambo imodzi ayenerabe kukwera minibasi ulendo wa makilomita oposa 100 kupita ku Lilongwe, kapena kusintha ndalama n'kuwolokera ku Chipata. Akafika, nthawi zambiri amauzidwa kuti agule zonse zinayi.

Choncho nsambo sizitayidwa. Zikazilala mawu amaziwiritsa m'madzi kuti litsiro ndi thukuta zichoke, n'kuziyanika, n'kuzibwezera. Yoduka pafupi ndi kumutu amaimanga mfundo. Ina ikasoweratu, waya wa mabuleki a njinga umalowa m'malo.

Magetsi nawo ndi nkhani. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 600,000 m'boma la Mchinji, ndipo m'dziko lonse nyumba pafupifupi imodzi yokha mwa khumi ndiyo inkawala ndi magetsi a ESCOM. Kumidzi zinali zochepa kuposa apo. Besi ndi chida chadyera pa moto. Nsambo yake yaikulu imanjenjemera maulendo 41 okha pa sekondi, ndipo kuti mawu akuya chotere amveke pabwalo pamafunika sipika yaikulu yokankha mphepo yambiri. Gitala laling'ono lingalire tsiku lonse pa batire yomwe besi ingaimalize dzuwa lisanapendeke. Kubwera kwa masola otsika mtengo ndi komwe kwatheketsa kawaya kofiira kaja.

N'chifukwa chomwechonso foni imamunamizira woyimba besi. Kasipika ka foni sikatha kutulutsa mawu akuya. Anthu amaonera kanema, n'kuyamikira woyimba pakamwa ndi wa kiyibodi, osadziwa kuti chomwe chinkavinitsa anthu tsikulo sichinalowe n'komwe m'fonimo.

Woyimba besi amazolowera kusaoneka. Pa dansi ya Black Missionaries anthu amakuwira oyimba kutsogolo, koma chomwe chimagwira chiuno cha bwalo lonse ndi zala za Peter Amidu. Dziko lonse linamva nyimbo za chimbale cha Graceland cha Paul Simon mu 1986, koma ndi angati amadziwa kuti besi yotsetsereka ija inali m'manja mwa Bakithi Kumalo wa ku Soweto? Ntchito ya besi ndi kumanga ng'oma ndi nyimbo pamodzi. Ikakhala bwino palibe amaitchula. Ikasiya kwa kamphindi, ovina amayang'anana ngati pansi pagumuka.

Mnyamata wa kwaya yemwe akudikira besi ya kwa kalipentala anafika ndili pomwepo pa benchi ija. Anagwada pang'ono popereka moni, n'kufunsa ngati abambo afika pakhosi. Bamboyo anamupatsa thabwalo kuti aligwire. Analikulunga ndi dzanja lamanzere, chala chachikulu kumbuyo, n'kutseka maso. Anati likadali lonenepa pang'ono kumtunda. Bamboyo anachonga ndi pensulo, natenga puleni, napala kawiri, namubwezera.

Anachita zimenezi kanayi.

Palibe sitolo ya ku Lilongwe kapena ku Lusaka yomwe ingamuchitire mnyamatayu zoterezi. Ndipo tsiku lomwe khosi limeneli lidzayende ndi mvula ya Januwale, sadzaliika pakona. Akudziwa khomo la munthu yemwe analipala.

Apa ndi pomwe mtima wanga umawawa. Pa msewu womwewu wa M12 pali Namitete Technical College, yomwe yaphunzitsa akalipentala kwa zaka zambiri, ndipo TEVETA yakhala ikuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999. Ku Lilongwe kuli Music Crossroads, komwe achinyamata amaphunzira kuyimba. Amisiri tili nawo, oyimba tili nawo, ndipo matchalitchi ofuna zida ali m'mudzi uliwonse. Chomwe chikufunika n'chochepa: wina aphunzitse kalipentala masamu a mafuleti ndi kaikidwe ka kachitsulo ka m'khosi, wina aphunzitse wokonza mawailesi kukulunga pickup. Bambo wa pa boma uja nzeru zake anazitola yekha, pophwasula besi zakufa. Akadzatopa, katoni ija idzapita kukayatsira moto ngati palibe woilandira.

Ndipo babatoni tisaiyese mwana wopeza. Anthu a ku Geneva ndi ku Roskilde sagula matikiti kuti akaone Mmalawi atanyamula Fender. Imeneyo ali nayo kwawo. Amabwera kudzamva chikopa cha ng'ombe ndi waya wa tayala, mawu omwe fakitale iliyonse singawatulutse.

Ndinabwerera pa Kamwendo dzuwa litafiira. Mavenda anali akusoka matumba, malole a soya akuliza mainjini. Anyamata aja anali adakalipo, mbale ya ndalama ili patsogolo, muli timapepala tofumbira ndi chinangwa chowotcha chomwe wina anaponyamo.

Pakati pa nyimbo sipika inayamba kukhosomola. Inalira kamodzi mwa mkokomo, kenako zii. Batire yatha.

Mnyamatayo sanaime. Anasolola kawaya ndi chala cha kuphazi, n'kumenya nsambo mwamphamvu, ndipo chikopa chinayankha chokha, motsika koma momveka. Anthu anasendera pafupi. Mayi wogulitsa mandasi anatula beseni, n'kulowa m'bwalo.

Atamaliza anamasula bawuti pang'ono kuti nsambo ipume, n'kukuta chikopa ndi thumba la feteleza poopa mame. Anagoneka babatoni pa kaliyala ya njinga, batire n'kuimanga pakati pa felemu. Mtengo wa bulugama unatsala ukusuzumira kumbuyo kutalika kwa munthu, ndipo mnzake wa banjo anamangirira kansanza kofiira kunsonga kuti a njinga zamoto auone. Anakankha njingayo osakwera, kulowera njira ya fumbi ya kumudzi kwawo.